Mwagulitsa galimoto, nanga dzina mwasintha?

Amene wakhala ndi Altezza, Mark X kapena Subaru kwa zaka zambiri kuno kunyanja ku Nkhotakota amadziwa mmene mtima umayambira kutembenuka. Galimoto zimenezi anazipangira msewu wosalala. N'zotsika, zimamwa mafuta, ndipo pa M5, kuchokera ku Salima kudzera pa Benga ndi pa Chia mpaka ku Dwangwa, mwezi sutha musanamve chitsulo chikukhula pansi. Madzi osefukira a mu February 2024 anaononganso zigawo za msewuwu cha ku Dwangwa. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo sipeya iliyonse yochokera kunja inakwera mtengo. Ana nawo akula, kumpando wakumbuyo sakukwanako. Tsiku lina mwini wake amangoti, "Yanditumikira mokwanira, ipite."

Zoti mudzaisowa, lamulo lilibe nazo ntchito. Chimene lamulo likufuna kudziwa n'chakuti galimotoyo ikamayenda pamsewu, woyankhapo ndani. Apa ndi pamene anthu ambiri amapunthwa, ophunzira omwe. Kulandira ndalama ndi kupereka makiyi kumatseka nkhani pakati pa inu ndi wogula, koma pakati pa inu ndi boma nkhani imakhala ikadalipo.

Boma limadziwa ndani?

Galimoto iliyonse yolembetsedwa m'Malawi ili m'kaundula wa nthambi ya boma yotchedwa Directorate of Road Traffic and Safety Services, imene tonse timangoti ku Road Traffic. Mu 2015 kaundulayu anakonzedwanso pa makina a kompyuta otchedwa MalTIS, ndipo kuyambira pamenepo mwini galimoto aliyense amayenera kukhala ndi khadi lake la Traffic Register, lolumikizidwa ndi chithunzi chake ndi zidindo za zala zake. Chikalata cha umwini, chija timati blue book, chimaonetsa dzina la mwini, nambala ya galimoto, nambala ya chassis ndi ya injini. Dzina limene lili pamenepo ndi limene apolisi, akhoti ndi a inshulansi amayamba kulifunafuna chinthu chikachitika.

Tiyerekeze kuti mphunzitsi wa pa boma wagulitsa Altezza yake kwa mnyamata wa bizinesi ya usipa. Alemberana kapepala, agwirana chanza, koma dzina sanasinthe poti Lilongwe ndi kutali ndipo onse ndi otanganidwa. Patatha miyezi, mnyamatayo waigulitsa kwa munthu wa ku Kasungu, ameneyonso wapatsira wina. Usiku wina galimoto ija yagunda wakabaza pa Dwangwa, woyendetsa wathawa, anthu agwira nambala yokha. Apolisi akafunsa m'kaundula, dzina lotuluka ndi la mphunzitsi. Chisamani cha mlandu wa chipepeso chipitanso kwa iye. Akhoza kudzapulumuka poonetsa kuti anagulitsa kalekale, koma ntchito yotsimikiza zimenezo ili pamutu pake, pamodzi ndi maulendo akukhoti ndi ndalama za loya. Ndipo m'boma lino, kumene apolisi amagwira kawirikawiri galimoto zonyamula chamba, simungafune kuti galimoto ya dzina lanu izizungulira usiku m'manja mwa munthu amene simunamuonepo.

Wogula nayenso sali pabwino. Galimoto imene sili m'dzina lake sangaigulitse mwadongosolo. Ikabedwa kapena kuchita ngozi, amayamba ndi kufotokoza chifukwa chake mapepala ali ndi dzina la wina. Wogulitsa uja akapita ku Joni kapena akamwalira, kusintha dzina kumasanduka chintchito. Wogulitsayo akakhala ndi ngongole imene khoti lagamula, masherifi akhoza kudzaloza galimoto yomweyo, poti pamapepala ikadali yake.

Kodi ndi yanu nokha?

Musanalembe "ikugulitsidwa" pagalasi kapena kuika chithunzi pa Facebook, dzifunseni ngati palibe wina amene ali ndi gawo pa galimotoyo.

Woyamba ndi wokongoza. Ngati munaigula ndi ngongole ya ku banki kapena ya kuntchito, kapena munaiika chikole potenga ndalama, simungaigulitse mobisa ngongole isanathe. Lamulo la mu 2013 lokhudza chikole cha katundu wosunthika linabweretsa kaundula wina, amene anakhazikitsidwa pansi pa ofesi ya Registrar General, m'mene okongoza amalembetsa katundu amene wagwiridwa chikole. Chikole cholembetsedwa chimatha kuitsatira galimoto ngakhale itapita m'manja mwa wina. Kugulitsa muli chete za ngongoleyo ndi kupusitsa wogula, ndipo kukhoza kukufikitsani pa mlandu wopeza ndalama mwachinyengo. Njira yoongoka ndi kuuza wokongoza, kugwirizana kuti gawo la ndalama za malonda lipite kwa iye, ndi kutenga kalata yoti ngongole yatha. Ngati blue book ili kwa wakatapila amene akukana kuibweza pofuna chiwongoladzanja chopyola muyeso, dziwani kuti khoti lili ndi mphamvu younikanso pangano lotero n'kuchepetsa chiwongoladzanjacho.

Wachiwiri ndi bungwe lotolera misonkho la MRA. Galimoto zina zinalowa m'dziko muno osalipira msonkho wonse chifukwa mwini wake anali ndi mwayi wapadera, monga mabungwe ena, akazembe, aphungu a Nyumba ya Malamulo kapena Amalawi obwerera kwawo atakhalitsa kunja. Mwayi umenewo ndi wa munthuyo, sugulitsidwa pamodzi ndi galimoto. Yotere isanasinthe manja pamafunika chilolezo cha MRA, ndipo ngati pali msonkho wotsala uyenera kulipidwa. Gwirizanani poyera kuti alipire ndani.

Wachitatu ali m'nyumba mwanu momwemo. Dzina pa blue book likhoza kukhala la bambo, koma ngati galimotoyo inagulidwa ndi thukuta la banja, mwina ndi ndalama za mpunga umene mayi anapalira nawo ku Bua, makhoti amaona zambiri kuposa dzina lokha nkhani yogawana katundu ikabuka. Malamulo aakulu a dziko lino amapatsa mayi ufulu wolandira gawo loyenera la katundu wa onse awiri banja likatha. Kugulitsa mozemba pamene banja likugwedezeka kumaoneka ngati kubisa chuma, ndipo wogula amakokeredwa m'mkangano umene sakuudziwa. Kambiranani, ndipo mnzanuyo asaine nawo ngati mboni.

Nkhani yovuta kwambiri ndi ya galimoto ya malemu. Achimwene amwalira, asiya Subaru yawo pansi pa mtengo wa mango, batire yatha, matayala akuphwa. Wachibale wina akuti tiigulitse isanawole. Ganizo lake si loipa, koma alibe mphamvu yochitira zimenezo. Malinga ndi lamulo la chuma chamasiye la mu 2011, katundu wa malemu amayendetsedwa ndi munthu amene watchulidwa mu wilo kapena amene wapatsidwa makalata ovomerezeka oyendetsera chumacho, ndipo oyamba kuganiziridwa ndi mkazi kapena mwamuna wotsala, ana ndi ena amene ankadalira malemuyo. Kutenga kapena kugulitsa katunduyo popanda mphamvuzo ndi kulanda chuma chamasiye, mlandu wopita nawo kundende, kaya wolandayo ndi malume kaya ndi mchimwene. Poyambira pake ndi ku ofesi ya DC, kukhoti kapena kwa Administrator General. Wogula akamva kuti mwini wake anamwalira, apemphe kuona makalatawo asanatulutse ndi tambala yomwe.

Kunena zoona, ndi kulemba

Galimoto imene mwakhala nayo zaka khumi mumaidziwa matenda ake onse: giya imene imachedwa kulowa m'mawa, injini imene imatentha pokwera mapiri a ku Ntchisi, ngozi ija inapinda chassis. Lamulo silikukakamizani kulonjeza kuti galimoto yakale ili ngati yatsopano, ndipo wogula amene waiyendera sangadzadandaule za vuto limene likanaoneka ndi maso poyenderapo. Koma bodza ndi nkhani ina. Mukafunsidwa ngati inachitapo ngozi inu n'kukana, mukabweza mmbuyo makilomita, mukanena kuti ndi ya 2008 pamene ndi ya 2003, wogula ali ndi ufulu wopita kukhoti kukapempha kuti malonda athetsedwe kapena kuti mumulipire. Kunena zoona kumatsitsako mtengo, inde. Komabe mukalemba matendawo m'pangano, wogula n'kusaina kuti wawamva, mwadzitsekera khomo la madandaulo a mawa.

Pangano lolemba silifuna chizungu chozama. Likhoza kulembedwa m'Chichewa, pa pepala wamba. Likhale ndi maina onse awiri monga alili pa chiphaso cha unzika, manambala a ziphasozo, nambala ya galimoto, ya chassis ndi ya injini, mtengo, mmene ndalama zaperekedwera, mavuto odziwika a galimotoyo, ndi tsiku limene mudzapite kukasintha dzina. Lembaninso tsiku ndi ola limene makiyi aperekedwa, chifukwa ngozi ikachitika madzulo a tsiku lomwelo, ola limenelo ndi limene lidzakuyankhireni. Pakhale mboni ziwiri, aliyense atenge kope yake. Kusainira pamaso pa loya kapena majisitireti kumalimbitsa chikalatacho. Mfumu kapena mkulu wa mpingo ndi mboni yabwino, koma chidindo cha mfumu sichisintha kanthu m'kaundula wa ku Road Traffic.

Pa ndalama, musakhulupirire uthenga wa pafoni woti ndalama zalowa, kapena chithunzi cha risiti chimene wogula akukuonetsani. Mauthenga otere akuba amawapanga. Onani nokha mu akaunti yanu, kaya ndi ya ku banki, Airtel Money kapena Mpamba. Cheke si ndalama mpaka banki itanena kuti chadutsa. Ndalama zambiri zapamanja kawerengereni m'banki momwemo n'kuzisungitsa nthawi yomweyo.

Nanga wogula akati alipira theka, zotsala akagulitsa mpunga kapena akalandira za nzimbe? Apa pali msampha mbali zonse. Mukasintha dzina asanamalize, mwatsala ndi pepala lokha. Mukasunga blue book koma galimoto n'kumupatsa, ikuyenda m'dzina lanu ndi woyendetsa amene simungamulamulire. Mwa njira zonse, yabwino ndi yoti galimoto ikhale pakhomo panu mpaka ndalama zitakwana, zimene walipira muzimulembera risiti. Ngati mwalolera kuti aitenge, pangano linene masiku olipira, linene kuti umwini ukhala wanu mpaka tambala yomaliza, ndiponso chimene chidzachitike akalephera. Akalepheradi, musatume anyamata kukailanda ndi zibonga. Mukhoza kusanduka wolakwa ndinu. Pitani kukhoti.

Ulendo wa ku Road Traffic

Kusintha dzina kumafuna kuti nonse awiri mudziwike m'kaundula, choncho wogula amene alibe khadi la Traffic Register ayambe wapeza limenelo. Konzekerani kupita limodzi, galimoto ili pomwepo, mutatenga blue book yeniyeni osati fotokope, makhadi anu, ziphaso za unzika ndi pangano lija. Apolisi oona za kubedwa kwa galimoto, amene anthu amangowatchula kuti a Interpol, amayendera nambala ya chassis ndi ya injini kuti atsimikize kuti si yobedwa, ndipo mbali ya MRA imatsimikiza kuti msonkho wolowetsera galimotoyo unalipidwa. Maofesi akuluakulu a Road Traffic ali ku Lilongwe, Mzuzu, Blantyre ndi Zomba. Kuchokera pa boma pano kukafika ku Lilongwe kudzera ku Salima ndi makilomita pafupifupi 200, ndiye musananyamuke funsani mafomu ofunika ndi mitengo ya panopa, chifukwa zimasinthasintha. Ndalama ya ulendowu iwerengereni pamtengo wa galimoto kuyambira pachiyambi, kuti isadzakhale chifukwa chozengerezera.

Ngati pazaka zonsezi munasinthapo injini kapena utoto osakanena, konzani zimenezo musanatsatse. Eni galimoto zaliwiro ambiri anaikamo injini ina yakale itagogoda, ndipo nambala ikasiyana ndi ya pa blue book, zonse zimaima pa apolisi. Risiti ya kumene munagula injiniyo ndi imene ingakuomboleni, choncho ifunefuneni.

Pachipata mudzakumana ndi madobadoba, okuuzani kuti mungowapatsa mapepala ndi kangachepe, inu mukapume. Ena amathamangitsadi zinthu, koma dobadoba si wantchito wa boma, ndipo akasowa ndi blue book yanu kapena akakubweretserani chikalata chabodza, wogwidwa nacho pamsewu ndinu. Lipirani pamalo ovomerezeka okha, ndipo tengani risiti ya boma. Wantchito wa boma akapempha ya fanta kuti fayilo iyende, chimenecho ndi chiphuphu. Wopereka ndi wolandira onse ndi olakwa, ndipo kokanena ndi ku Anti-Corruption Bureau. Wogulitsa asachoke asanaone umboni woti dzina lake lachoka pa galimotoyo, ndipo asunge kope ya umboniwo.

Inshulansi ndi pangano la pakati pa inu ndi kampani. Musaganize kuti imasamuka yokha kutsata galimoto chifukwa chakuti kapepala kake kakadali pagalasi. Uzani kampani yanu kuti mwagulitsa, ndipo funsani ngati miyezi yotsala angaisamutsire ku galimoto yatsopano kapena kukubwezerani kena kake. Wogula agule yake asanaiyendetse. Lamulo la pamsewu la mu 1997 limafuna kuti galimoto iliyonse yoyenda pamsewu ikhale ndi inshulansi yoteteza anthu ena, ija ya third party, komanso COF yosatha ntchito, chiphaso chotsimikiza kuti galimotoyo ndi yoyenera kuyenda pamsewu.

Galimoto ina imakhala yafika poti wogula ndi wa masipeya yekha. Ngati mukuigulitsa kuti akaiphwasule, kaneneni ku Road Traffic kuti ichotsedwe m'kaundula. Mapepala ndi manambala a galimoto yakufa akuba amawafuna, kuti awaveke galimoto yobedwa ya mtundu womwewo.

Posankha yolowa m'malo

Mtundu wa galimoto lamulo silikusankhirani, koma msonkho umakankhira munthu mbali ina. Pa galimoto yoitanitsa kunja, MRA imaona kukula kwa injini ndi zaka za galimotoyo: injini ikakula msonkho umakwera. Choncho amene akulota zosiya Altezza n'kutenga galimoto ina yaliwiro ya injini yaikulu, yakale koma yotchipa pa intaneti, awerengere kaye. Kunena mosabisa, kwa munthu wokhala kuno, woyenda pa M5 ndi pa msewu wa ku Kasungu wodutsa m'nkhalango ya nyama, wolowanso m'tinjira ta mchenga topita kumadooko, galimoto yokwera pang'ono, ya injini yapakati, imene masipeya ake amapezeka ku Salima kapena pa Dwangwa, ndi yanzeru kuposa yokongola imene makaniko wake ali ku Lilongwe yekha.

Mtengo umene mumauona pa masamba a makampani a ku Japan si umene mudzalipire. Onani ngati ukuphatikiza sitima mpaka pa doko la Dar es Salaam. Pamwamba pake pali zolipira padoko, ejenti wokliyalitsa, woyendetsa kapena lole yoinyamula kufika pa chipata cha Songwe, msonkho wa MRA, kuyendera kwa apolisi, kulembetsa, manambala, COF ndi inshulansi. Funsani a MRA kapena ejenti wovomerezeka kuti akuwerengereni msonkho musanatumize ndalama, chifukwa MRA siimangidwa ndi mtengo umene walembedwa pa invoisi yanu. Anthu ena galimoto zawo zimakhala miyezi pachipata, zikudya ndalama zosungira, chifukwa choyamba kuitanitsa kenako n'kumafunsa. Ndalama zakunja zidzere ku banki, zipite ku akaunti ya kampani imene mwaitsimikiza, osati ya munthu amene wakupezani pa WhatsApp. Ndipo ejenti akakuuzani kuti ali ndi njira yochepetsera msonkho, kumbukirani kuti galimoto yozembetsa msonkho MRA imailanda kumene yaipeza, ngakhale patapita zaka, ngakhale ili m'manja mwa mwini wachitatu. Risiti ndi mapepala a kasitomu zikhale m'dzina lanu ndipo muzisunge.

Kugula ya m'dziko momwemuno kuli ndi ubwino woti mumaiona ndi maso, koma mafunso onse aja munadzifunsa pogulitsa, tsopano afunseni wina. Safunsa anadya phula. Dzina la pa blue book lifanane ndi la pa chiphaso cha munthu amene waima patsogolo panu. Akati "ndi ya achimwene, andituma," muuzeni kuti achimwenewo abwere, kapena aonetse kalata yovomerezeka yomupatsa mphamvu. Werengani nokha nambala ya chassis pa chitsulo, muifananize ndi ya papepala, ndipo malowo akaoneka opalidwa, owotcherera kapena opakidwa utoto watsopano, bwererani. Fufuzani m'kaundula wa chikole uja ngati ilibe ngongole. Nambala yoyamba ndi KK isakugonetseni tulo kuti poti ndi ya kwathu kuno ndiye ilibe vuto.

Chifukwa chake n'chakuti munthu sangakugulitseni umwini umene iye alibe. Mukagula galimoto yobedwa, ngakhale mosadziwa, apolisi adzaitenga, mwini wake weniweni adzaitenganso, inu n'kutsala mukusakasaka amene anakudyerani ndalama. Ngati mtengo unali wotsika modabwitsa ndipo mapepala anali okayikitsa koma inu munatsinzina, mukhoza kuimbidwa mlandu wolandira katundu wakuba. N'chifukwa chake ndalama yonse isaperekedwe apolisi asanaiyendere.

Samalaninso ndi galimoto za manambala akunja zimene abale athu amabwera nazo kuchokera ku Joni pa Khirisimasi. Zambiri zimalowa ndi chilolezo chongoyendera kwa kanthawi, ndipo yotere siigulitsidwa muno isanalipiridwe msonkho ndi kulembetsedwa. Pamafunikanso chikalata cha apolisi a dziko limene yachokera, chotsimikiza kuti si yobedwa. Wachibale akabwerera ku Joni n'kukusiyirani makiyi okha, wakusiyirani mlandu.

Tengani makaniko wanu, osati wa wogulitsa. Kuno kumene madzi amasefukira, atukule kapeti aone ngati pansi palibe matope ouma kapena dzimbiri, chifukwa galimoto yomira imavutitsa mawaya moyo wake wonse. Mukagula kwa kampani kapena munthu amene bizinesi yake ndi yogulitsa galimoto, chitetezo chanu n'chokulirapo: galimoto iyenera kufanana ndi mmene anaifotokozera ndipo ikhale yogwira ntchito imene munanena kuti mukuifunira. Chilichonse chimene walonjeza pakamwa, monga kukonza ulere kwa miyezi ingapo, chilembedwe.

Ambiri posiya galimoto ya chisangalalo amafuna ina yoti izibweretsako kenakake, ndipo maso amagwera pa Sienta kapena kalole. Apa malamulo amasintha. Kunyamula anthu olipira kumafuna kuti galimoto ilembetsedwe ngati ya bizinesi, ikhale ndi nambala yofiira, chilolezo chonyamulira anthu, woyendetsa wokhala ndi chilolezo chapadera cha ntchitoyo, ndi inshulansi yoteteza okwera. Mukamachita matola ndi galimoto yolembetsedwa ngati yapakhomo, ngozi ikachitika kampani ya inshulansi ikhoza kukana kulipira okwerawo, chipepeso chonse n'kugwera inu. Chimodzimodzi mukapakira anthu opitirira mipando. Laisensi nayo ili ndi malire: ya B imalola galimoto yosapitirira makilogalamu 3,500 pamodzi ndi katundu amene inaloledwa kunyamula, ndipo malole ambiri onyamula nsomba ndi mpunga amafuna ya C1. Onani kulemera kolembedwa pa mapepala a loleyo musanagule.

Pa inshulansi ya galimoto yatsopanoyo, dziwani kuti third party siikonza galimoto yanu, ndipo ngakhale kwa anthu ena imalipira mpaka pamlingo umene walembedwa m'pangano. Zopitirira apo zimafunidwa kwa inu. Mukasankha yoteteza zonse, lembetsani mtengo weniweni wa galimotoyo ndipo muziuonanso chaka ndi chaka. Kwacha ikagwa, mtengo umene munalembetsa kale sungakugulireninso galimoto ngati yomweyo.

Zikavuta

Ngati mwaberedwa mwachinyengo, mwagulitsidwa galimoto yobedwa kapena mwapatsidwa mapepala abodza, pitani kupolisi, pa boma kapena ku Nkhunga. Koma apolisi si otolera ngongole. Wogula amene wangochedwa kumaliza ndalama, kapena mkangano wa zimene munapangana, ndi nkhani ya kukhoti la majisitireti, ndipo ndalama zikakhala zambiri amakulozerani ku High Court. Amene sangakwanitse loya akhoza kupempha thandizo ku Legal Aid Bureau. Kampani yogulitsa galimoto ikakunamizani kapena ikakana kukwaniritsa lonjezo, dandaulo limapita ku Competition and Fair Trading Commission. Kampani ya inshulansi ikamazemba kulipira, yambani mwailembera kalata, ndipo ikapanda kuyankha zomveka, kadandauleni kwa Registrar of Financial Institutions ku Reserve Bank. Ofesi ya boma ikakhalira fayilo yanu popanda chifukwa, Ombudsman alipo. Konseku chimene adzayambe kukufunsani ndi mapepala: pangano, marisiti, mauthenga a pafoni. Musafufute kanthu.

Pali ena amene akuwerenga izi galimoto anagulitsa kale, mwina zaka zitatu zapitazo, dzina osasintha. Musadikire chisamani. Mufunefuneni wogulayo mupite naye ku Road Traffic mwezi uno. Ngati wasowa kapena akukana, tengani pangano lanu ndi umboni wa malipiro, kalumbireni pamaso pa majisitireti kapena loya za tsiku limene munagulitsa ndi munthu amene munamugulitsa, kenako kaperekeni chikalatacho ku Road Traffic ndi kupolisi, ndipo mupemphe kuti akudindireni kope yanu yosunga.